Batani la Apongozi

Binwell Zimba anaika tabuleti pa mpando wa pulasitiki pakati pa khonde, nabwerera chafutambuyo mpaka msana wake unagunda mzati. Kumapeto kwina kwa khondelo kunali a NyaMtonga, mzamba wa kachipatalako, atakhala cham'mbali, nkhope italoza kumunda wa chimanga. Pakati pawo panaima Gerald, namwino wa odwala oyendera, yemwe m'mawa umenewo ntchito yake inali yonyamula tabuleti ndi mawu.

"Muwafunse ngati mabatani aoneka bwino," anatero Binwell.

Gerald anatembenuka. "Amama, akuti mabatani aoneka?"

"Aoneka."

"Akuti aoneka."

"Namva," anayankha Binwell.

Anali atamvadi, khondelo silinali lalitali. Koma a NyaMtonga anali apongozi ake, mayi ake a mkazi wake Ennie, ndipo kwawoko mkamwini ndi apongozi sayang'anizana m'maso, sapatsana chinthu pamanja, nkhani yolemera imadzera mwa munthu wina. Mayiwa anali ophunzira, masitifiketi ali mbwee pakhoma, koma mwambo umenewu sankaugulitsa. Ndi iye yekha Binwell padziko lonse amene sakanatha kukhala nawo pa benchi limodzi, ndipo ndi iyeyo amene kampani yake inamutuma kukakhala nawo.

Kampaniyo inali yaing'ono, ya ku Lusaka, yopanga mapulogalamu. Binwell ntchito yake inali yokonza chimene munthu amaona ndi kudina: batani likhale pati, likule bwanji, palembedwe chiyani. Kampaniyo itapeza ntchito yopangira azamba pulogalamu, abwana ake a Hillary anati, "Iwe ndiwe wa ku Lundazi, yenda ukayesele kwanu." Binwell anasangalala. Anasiya kuseka tsiku limene anamva kuti kachipatala koyeserako ndi ka kumudzi kwa apongozi ake, njira ya ku Chikomeni, kamene mzamba wake ndi mmodzi yekha.

Poyamba zinayenda. Anadula makatoni a sopo muyeso wa tabuleti, najambulapo ndi cholembera chakuda tsamba lililonse, Gerald n'kumawapititsa imodziimodzi. A NyaMtonga sankadzudzula ndi pakamwa, koma chala chawo chinkalankhula. Chikazengereza pamwamba pa katoni, Binwell ankadziwa kuti pamenepo palakwika. Mwa njira imeneyi anaphunzira kuti mzamba wovala magolovesi amadina ndi mfundo ya chala, choncho mabatani anawakulitsa. Anaona kuti magalasi awo amakhala pachifuwa nthawi zambiri, zilembo nazonso anazikulitsa. Katoni yomaliza inali ya mayi amene watuluka m'chipatala. Inali ndi batani limodzi lolembedwa kuti "Wapita kunyumba," ndipo apongoziwo anagwedeza mutu kuvomereza.

Vuto linabadwira pa kompyuta. Zilembo zitakula, mawu awiriwo anakana kukwana m'batani, lachiwiri linkasefukira kunja. Binwell anayesa uku, anayesa uku, kenako anangodula "kunyumba." Panatsala WAPITA, mawu oyera pa batani lobiriwira, okongola bwino. Mzamba akalidina, dzina la mayi linkachoka m'wodi ndipo uthenga unkapita pa foni ya mwamuna wake kuti adziwe.

Aliyense wobadwira kuno akudziwa kuti pakhomo la chipatala sunena kuti munthu wapita osatchula kumene wapitako. Binwell nayenso ankadziwa. Koma mawuwo anali atawayang'ana nthawi yaitali moti kwa iye sanalinso mawu, zinali zilembo zokwana m'bokosi.

Kuyambira pamene tabuleti inafika, a NyaMtonga ankalemba zonse mosaphonya: kuthamanga kwa magazi, sikelo ya mwana, nthawi yobadwira. Batani lobiriwira lokha ndi limene sanalikhudzepo. Azimayi ankachira, ankabereka ana kumsana n'kukwera njinga, ena anali atabwerera kale kukathyola fodya, koma m'tabuleti onse anali chigonere. Pa kompyuta ya a Hillary ku Lusaka, imene inkaonetsa zonse m'Chingerezi, kawodi ka mabedi ochepa kanali kodzaza kuposa basi ya ku Chipata. N'chimene chinamubweretsa Binwell pakhondepo m'mawa umenewo.

"Muwafunse," anayambanso, akuyang'ana nsapato zake, "chifukwa chake sadina lobiliwila."

"Amama, akuti lobiliwila lija?"

A NyaMtonga anakonza mpango wawo. "Nimaiwala."

Gerald anaseka mpaka kugwira bondo. "Imwe kuiwala? Imwe amene mukumbukila kuti ine ninabadwa na chala chopindika? Adada Zimba, apa pali nkhani."

"Gerald," anatero mayiwo osakweza mawu, "ku benchi kuli odwala."

Kunalibe wodwala, koma Gerald anapita. Tabuleti inatsala pakati pa awiriwo. Kenako Binwell anawomba m'manja mwaulemu, nati "Yewo, amama," kuuza mzati, ndipo apongozi ake anayankha "Yewo, adada," kuuza chimanga.

A NyaMtonga akanatha kunena chifukwa chenicheni. Usiku ndi usana ankaganiza zonena. Koma akanauza ndani? Gerald anali ndi mtima wabwino koma pakamwa pake panalibe chitseko, ndipo ankacheza pa foni ndi a Hillary. Kumuuza iye kunali kulengeza ku Lusaka kuti mkamwini wawo sadziwa ntchito, mkamwini amene anali akadali poyesedwa. Ennie ndiye anali ndi pakati potopa, ndipo mayi wanzeru zake sakhala pansi ndi mwana wake woyembekezera n'kumakambirana mawu otere. Choncho anasankha kukhala nkhalamba yoiwala.

Madzulo ake, m'kanyumba kawo ka lendi kuseri kwa msika wa pa boma, Binwell anapeza Ennie ataika mapazi pa chidebe chovundikira. Anali atatupa mpaka mapatapata kukana.

"Ukambe nawo amama," anamupempha. "Iwe angakuuze."

"Ninakamba nawo Sondo."

"Anati chani?"

"Anati nchito yako ni yabwino, ndiwe mwana waulemu."

"Ulemu siudina batani, Ennie."

"Nanga ufuna anene kuti ndiwe wamwano?" Ennie anaseka, kenako anagwira pachipumi. "Mutu uwu siuleka. Amama akuti nipite nikakhale kwao mpaka nthawi ikwane."

Anamuperekeza m'mawa wa Lachitatu, namusiya pachipata. Akubwerera, foni inalira pamene netiweki inayambira. Anali a Hillary.

"Binwell, wodi yako ikali yodzala. Azimayi aja sabala, kapena sachoka?"

"Bwana, nikali kufufuza."

"Wafufuza maningi. Pa Chisanu nifuna lipoti, ndipo likambe chimodzi: vuto ni pulogalamu, olo vuto ni munthu. Ngati ni munthu, tizauza a ku ofesi ya zaumoyo atipatse mzamba wachitsikana, amene saopa tabuleti. Amayi aja angawapeleke kwina."

"Nanga ngati ni pulogalamu?"

"Ndiye kuti tizafunsana ngati tinatuma munthu woyenela. Manje iwe wekha unaniuza kuti makatoni onse anavomela. Si ndiwe?"

"Ndine."

"Basi. Lemba."

Binwell anaima pambali pa msewu, njinga zonyamula makala zikumudutsa. A NyaMtonga anali atakhala pa kachipatalako kuyambira Ennie ali wakhanda. Munda wawo unali pomwepo, manda a amuna awo anali pomwepo, ndipo zaka zopumira pantchito zinali zitayandikira. Kuwasamutsa tsopano, pa mlandu woti sadziwa ntchito, kunali kuwavula pagulu. Koma kunyumba kwake kunkabwera mwana, ndipo ntchito ngati yakeyi ku Lundazi kunalibe ina. Mtima unamuwawa, ndipo anawakwiyira apongozi ake, mkwiyo umene analibe koupititsa.

Lachinayi anakumana ndi Gerald pa boma, atabwera kudzatenga mankhwala. Gerald anamuuza kuti Ennie amugoneka m'wodi kuti amuone bwino, magazi akwera pang'ono, koma si zoopsa. Binwell anamufotokozera za lipoti.

"Khoswe wakhala pamkhate," anatero Gerald akupukusa mutu. "Mukaponya mwala, mwaswa mkhate. Mukaleka, adya."

"Niwapempha chinthu chimodzi chabe. Adine kamodzi. Munthu mmodzi, mailo pa Chisanu dzuwa likalibe kupendeka. A ku Lusaka akaona kuti adziwa kudina, nizapeza chokamba. Muwauze kuti mukweni wao wagwada."

"Nizakamba mwamene mwakambila. Kugwada nako nizagwada."

Lachisanu Binwell anakhala m'kachipinda kamene kampani inamubwerekera, kuseri kwa sitolo ya mbewu. Zenera lake linali limodzi, loyang'ana khoma la sitolo ina. Anatsegula kompyuta. Wodi inali yodzaza monga kale, ndipo pansi pa mayina onse panali la Ennie, ndi nambala ya foni yake iye mwini pambali. Anadikira. Kunja wogulitsa chinangwa anafuula mpaka kutopa. Dzuwa litafika pamutu, anayamba kulemba.

Analemba kuti pulogalamu ikuyenda bwino. Analemba kuti mzamba ndi waluso pa ntchito yake. Kenako analemba kuti, mwina chifukwa cha msinkhu, akulephera kuzolowera mbali ina ya ntchito yatsopanoyi. Anawerenga chiganizocho, nachikonza kuti chifewe, koma chinali chomwecho. Chala chake chinali pamwamba pa batani lotumizira pamene foni inanjenjemera pa tebulo.

Uthengawo unali waufupi, monga anaukonzera yekha.

"Ennie Zimba wapita."

Sanaganize za batani. Sanaganize za makatoni, kapena za pempho lake la dzulo. Anaona mapazi otupa aja pa chidebe, anamva mawu aja akuti mutu suleka. Anaimbira Ennie, foni sinalowe. Anaimbira Gerald, sinalowe. Kumeneko netiweki imapezeka pa chulu chokha, kuseri kwa nyumba za anamwino, ndipo iye ankadziwa zimenezo, koma anaimbabe. Anatuluka chitseko chili pululu.

Pa siteji anapeza Misheck wa njinga yamoto akudya nzimbe.

"Ku chipatala kwa apongozi anga. Thamanga."

"Kwagwa chani, bwana?"

Binwell anangomuonetsa foni. Misheck anawerenga, nataya nzimbe, navula chipewa. "Pepani, adada. Pepani chomene." Sanakambe za mtengo.

Ali m'njira nzeru zinayamba kubwerera. Ndi batani lija, anadziuza. Ndi pulogalamu yanga, ndinalemba ndine. Adina monga ndinapemphera. Koma liwu lina linkamufunsa kuti, nanga ngati si choncho? Mayi amene wakana batani limenelo nthawi yonseyi, lero walidina pa mwana wake chifukwa chiyani? Mwina ankalisungira tsiku lotere. Apa m'pamene anamva mawuwo monga amamvekera kwa munthu amene waima panja pa wodi. Anadutsa zigafa za fodya, anadutsa ana a sukulu, anawoloka kamtsinje madzi akulowa m'nsapato, iye akungobwereza pemphero limodzi losatha bwino. Pena ankakhulupirira, pena ayi, ndipo msewu sunkatha.

Pa chipatala panali bata. Panalibe azimayi olira, koma Binwell sanakhulupirire batalo. Anathamangira ku wodi, napeza bedi loyalidwa bwino, lopanda munthu. Anagwira chitseko.

"Adada Zimba!" Anali Gerald, ali ndi mbale ya mankhwala m'manja. "Monile. Mwabwela na mphepo yotani? A Ennie ali kunyumba kwa amama uko."

Kuseri, pa khonde la nyumba ya mzamba, Ennie anali atakhala pa mphasa, miyendo itatambasuka, akusenda mtedza wauwisi. Atamuona anadabwa.

"Iwe, nkhope yachita bwanji? Nsapato zanyowa."

Binwell anakhala pansi pomwepo, pa dothi, namugwira phazi. Linali lofunda. Analira osabisa, Misheck ataima poteropo chipewa chili m'manja, akuyang'ana mayi wamoyoyo ngati wamulakwira.

"Magazi atsika, ananitulutsa m'mawa," anatero Ennie. "Nichani kansi?"

Anamupatsa foni. Ennie anawerenga, nayiika pa mphasa chafufumimba, nagwira mimba yake ndi manja onse awiri.

Chitseko cha nyumba chinali chotsekuka pang'ono. Mkatimo munali a NyaMtonga, atakhala pa mpando, msana uli kukhomo, tabuleti ili pamiyendo. Pa tebulo panali tiyi wozizira amene sanamukhudze. Analankhula osatembenuka.

"Ennie, uwauze adada kuti nadina mwamene anapemphela."

Ennie sanabwereze. Panalibe chifukwa.

"Uwauze kuti m'mawa natulutsa awili, iwe na mwana wa a Banda wa kuseli kwa dambo. Mwamuna wake ali ku Kasungu, ku fodya. Akanalandila mau aja ali kutali, pakati pa anthu achilendo." Anakonza tabuleti pamiyendo. "Mwana wa mwine sinikanamulemba. Nalemba wanga. Ninati mwine wake wa mau, yeve sazadabwa."

Binwell anaweramitsa mutu. Anaganiza za mayi wa zaka zimenezo akukwera chulu, tabuleti ili m'manja, kukatumiza mawu otero onena za mwana wake yemwe, chifukwa mkamwini wagwada. Anaganizanso za chiganizo chija chimene chinkamudikira pa kompyuta, chonena za msinkhu. Manyazi anamugwira kuposa mantha aja.

"Uwauze amama," anayamba, kenako anasintha mawu. "Uwafunse kuti palembedwe chani."

"Amama, akuti..."

"Namva. Palembedwe kuti wachila, wapita kunyumba."

Anali mawu atatu tsopano, otalika kuposa oyamba aja. Binwell sanatsutse. Batani likanatha kutenga tsamba lonse ngati likufuna.

"Koma ayambe achotsa dzina la mwana wanga pamene lili," anapitiriza mayiwo. "Nayesa kubweza, yakana. Sinizadya, sinizagona, dzina lili paja na mau aja, mwana akalibe kubala."

Tabuleti inatuluka m'nyumba kudzera m'manja mwa Ennie. Binwell anayang'ana. Dzina linali pamenepo, lokhalokha pa tsamba la otuluka, mawu aja ali pambali pake. Panalibe batani lobwezera. Analichotsa yekha mwezi wathawo, a Hillary atanena kuti zolembedwa za chipatala zisamasinthidwe ndi aliyense. Wokhoza kufufuta anali mmodzi, ku Lusaka, ndipo sakanafufuta osafunsa chifukwa.

Gerald, amene anali atamva zonse ali pakona, anakanda m'mutu. Ulendo uno sanaseke.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, adada," anatero motsitsa.

"Nidziwa."

"Muzawauza chani abwana?"

"Kuti mzamba alibe mlandu."

"Nanga nchito?"

Binwell anayang'ana Ennie. Ennie anayang'ana chitseko cha nyumba imene munali mayi ake, kenako anatola foni pa mphasa, naipukuta ndi chitenje, namupatsa.

"Yenda," anatero. "Amama sanadye kuchokela m'mawa."

Anadzuka, nawomba m'manja kuloza kuchitseko. Mkatimo munamveka kuwomba kuwiri kofewa. Anadutsa pakati pa mizere ya chimanga, nsapato zikulira madzi, mpaka pa chulu. M'dothi lonyowa la m'mbali mwake munali mapazi a nsapato zazing'ono za mzamba, okwera ndi otsika, ndipo pamalo ena panaoneka pamene anaterereka n'kugwira pansi ndi dzanja. Binwell anakwera potsata momwemo. Atafika pamwamba anakweza foni, timizere ta netiweki tinabwera, ndipo anaimba.

"Binwell," anayankha a Hillary mosangalala, "naona mmodzi watuluka! Amayi aja aphunzila?"

"Bwana," anatero Binwell, "khalani pansi. Nifuna nikuwelengeleni meseji imene nalandila lelo."